Mapu akale a gombe la Swang'oma: zimene ndapeza m'mapepala atatu amene ndinasindikizitsa pa Chitakale

Pa Chitakale pali sitolo ina yaing'ono yosindikiza mapepala imene ambiri amaidziwa chifukwa cha makadi a ukwati ndi zikwangwani za misonkhano ya mpingo, koma mwini wake anagula makina otulutsa mapepala akuluakulu ndipo tsopano akusindikizanso mapu akale a dziko lino kuchokera pa zithunzi zimene anasunga pa kompyuta. Ine ndimaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina kuno ku Mulanje, ndipo nditamva za ntchitoyi ndinapita kukaitanitsa mapu a dera la kumwera kwa nyanja ya Chilwa, kumene kuli doko la Swang'oma. Sindinasankhe deralo mwangozi. Malume anga anakhala zaka zambiri akupalasa njinga kuchokera kuno kudzera ku Phalombe ndi ku Migowi kukapikula matemba kunyanjako, ndipo ndinakula ndikumva mayina a madoko ndi madambo amene sindinawaonepo pa pepala lina lililonse. Ndakhala ndi mapuwa miyezi itatu, ndawagwiritsa ntchito m'kalasi, ndawayala pa mkeka pamaso pa malumewo, ndipo kamodzi ndinapita nawo kugombe komweko.

Ndinatenga mapepala atatu. Awiri ndi a sikelo ya 1:50,000, kutanthauza kuti masentimita 2 pa pepala akuimira kilomita imodzi pansi. Loyamba mwa awiriwa pamwamba pake palembedwa Nyasaland, choncho ndi la nthawi imene dziko lino lisanalandire ufulu mu 1964. Lachiwiri palembedwa Malawi, ndipo lili ndi mitundu yambiri komanso mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo. Lachitatu ndi la 1:250,000, limene likuonetsa nyanja pamodzi ndi chigwa cha Phalombe ndi mapiri ozungulira. Mapu a 1:50,000 a nthawi imeneyo ankakonzedwa ku Britain ndi bungwe la boma limene linakhazikitsidwa mu 1946 ndi dzina loti Directorate of Colonial Surveys, lomwe mu 1957 linasinthidwa kukhala Directorate of Overseas Surveys. Ndege inkauluka n'kujambula zithunzi za dera lonse, anthu oyeza malo ankakwera mapiri n'kuika zizindikiro zoyezera, ndipo ojambula ankaphatikiza zonsezi kukhala mapu. Pepala lililonse la 1:50,000 limatenga malo a makilomita pafupifupi 27 mbali zonse, ndipo nambala yake si yongopeka: mapepala a dera la kumwera kwa Chilwa amayamba ndi 1535 chifukwa ali pakati pa madigiri 15 ndi 16 kumwera ndiponso 35 ndi 36 kummawa, kenaka pamabwera chilembo ndi nambala ina yosonyeza chigawo chenichenicho. Amene akupita kukaitanitsa mapu ayenera kuidziwa nambala imeneyi, chifukwa kungotchula dzina la mudzi kumachedwetsa ntchito.

Ndiyambe ndi ntchito ya sitoloyo, popeza ndi imene munthu amalipirira. Mtengo wa pepala limodzi unafanana ndi ndalama ya minibasi yopita ku Limbe ndi kubwerako, ndipo kwa ine umenewu si mtengo wodandaulitsa. Anandilandira mwaulemu ndipo anandilola kuyang'ana pa kompyuta ndisanalipire. Koma mapepala oyamba amene anandipatsa anali ndi vuto lalikulu limene munthu wosazolowera mapu sakanaliona. Pofuna kuti chithunzi chikwanire pa pepala limene anali nalo, mnyamata woyendetsa makinawo anachichepetsa pang'ono, ndiponso anadula m'mphepete monse poganiza kuti zolembedwa zing'onozing'ono za m'munsi n'zosafunika. Nditafika kunyumba ndinaika rula pa timabokosi ta mizere yopingasana, timene pa mapu a 1:50,000 kalikonse kamayenera kukhala masentimita 2, ndipo ndinapeza kuti kalikonse kakungopitirira pang'ono sentimita imodzi ndi theka. Mapu otere amanamiza mtunda uliwonse umene munthu angayeze ndi rula. Kudula m'mphepete kunali koipa kuposa pamenepo, chifukwa kumeneko n'kumene kumakhala tanthauzo la zizindikiro, chaka chimene ndege inajambula zithunzi, chaka chimene mapu anasindikizidwa, ndi kusiyana kwa kumpoto kwenikweni ndi kumpoto kumene kampasi imaloza.

Ndinabwerera mawa lake ndi rula m'thumba. Mwini sitolo anamvetsera, anayeza yekha, ndipo anasindikizanso mapepala onse atatu pa kukula kwake kwenikweni popanda kundilipiritsanso. Pa chifukwa chimenechi ndikuiyamikira sitoloyo, koma ndikulangiza aliyense kuti anene poyambirira kuti sakufuna chochepetsa kapena chodula chilichonse, ndipo ayeze asanatuluke pakhomo. Inki yawo siilimba ku madzi: dontho limodzi la mvula linagwera pa pepala lachiwiri tili kugombe ndipo linasiya banga pamene panali dambo. Amene akufuna kuyenda nawo aziwaika m'jumbo yoonekera mkati. Zithunzi zimene akusindikizazo zinajambulidwa kuchokera pa mapu amene anagwirapo kale ntchito, motero mizere ya mopindidwa ikuoneka, ndipo pa pepala la Nyasaland pali pamene munthu wina analembapo manambala ndi pensulo. Zimenezi sizinandisokoneze, ngakhale kuti pamalo awiri mzere wa mopindidwa wameza dzina la mudzi.

Tsopano mapu eni akewo, amene ndi nkhani imene yandigwira mtima. Chinthu choyamba chimene maso amagwerapo ndi kalembedwe ka mayina. Pa mapu a m'nthawi ya atsamunda Mulanje ankalembedwa Mlanje, Thyolo ankalembedwa Cholo, Phalombe ankalembedwa Palombe, ndipo mtsinje wa Thuchila unkalembedwa Tuchila. Nyanja yomweyi David Livingstone, amene anafika m'mbali mwake mu April 1859 ali ndi John Kirk, anailemba Shirwa, ndipo mapu ambiri a zaka zotsatira anatengera dzina limenelo. Ophunzira anga a Fomu 3 ataona mayina oterewa pa pepala loyamba anayamba kufunsa okha chifukwa chimene mpweya wa m'mawu athu unkasowera m'makutu a olembawo, ndipo phunziro la tsiku limenelo linayenda bwino kuposa mmene ndinakonzera. Midzi yambiri yalembedwa ndi mayina a nyakwawa za nthawiyo, ndipo nyumba zikuoneka ngati timadontho takuda tondondozana m'mbali mwa njira ndi pa timitunda. Munthu akayerekeza timadonthoti pa pepala loyamba ndi lachiwiri amaona ndi maso mmene anthu anachulukira ndi mmene anatsikira kudambo, kumalo amene kale ankangodyetsako ng'ombe.

Pepala lalikulu la 1:250,000 ndi limene limapereka chithunzi chonse, ndipo ndikuganiza kuti sukulu iliyonse ya dera lino ikanayenera kukhala nalo pakhoma. Likuonetsa bwino kuti Chilwa ndi nyanja yopanda potulukira madzi: mitsinje ya Phalombe ndi Sombani ikutsika kuchokera ku mapiri a Mulanje ndi Michesi, Likangala ndi Domasi akuchokera ku Zomba, Thondwe ndi Namadzi akuchokera kumtunda wa kumadzulo, ndipo yonseyi ikuthera m'madambo ozungulira nyanja popanda mtsinje ndi umodzi womwe wotulukamo. Zilumba za Chisi ndi Thongwe zikuoneka, mpata wa Fort Lister pakati pa Mulanje ndi Michesi ukuoneka, ndipo munthu amatha kumvetsa chifukwa chimene madzi a napolo wa mu March 1991 anafikira msanga chotere pa Phalombe, popeza mizere ya kutsetsereka kwa Michesi yathithikana mpaka m'munsi mwenimweni mwa phiri, kenaka n'kutha mwadzidzidzi pamene chigwa chayambira. Kummawa kuli mzere wa malire ndi Mozambique. Pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891 linatchula gombe la kummawa kwa Chilwa ngati mbali ya malirewo, ndipo ine ndimawauza ophunzira kuti aganizire bwino za malire omangidwa pa gombe la nyanja imene imasuntha chaka ndi chaka.

Kusunthaku ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene mapuwa amafooka ngakhale anajambulidwa mwaluso chotani. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'dziko muno, koma ndi yosaya kwambiri, kawirikawiri siipitirira mamita 3 kuya, moti asodzi ambiri amayendetsa ngalawa pochita kuponda pansi ndi nsungwi. Malo ozungulira ndi athyathyathya ngati bwalo. Madzi akatsika ndi mita imodzi yokha, gombe limathawa mtunda wa makilomita angapo. Koma mizere yosonyeza kukwera kwa malo pa pepala langa lachiwiri yatalikirana mafiti 50, omwe ndi mamita oposa pang'ono 15. Tanthauzo lake n'lakuti kuya konse kwa nyanja, kuphatikizapo kusefukira kwake, kumakwana kangapo pakati pa mizere iwiri yoyandikana. Pa phiri la Mulanje mizere yotereyi imaonetsa chigwa chilichonse ndi phompho lililonse mpaka pa Sapitwa, pa mamita 3,002, koma m'chigwa cha Swang'oma pepala limangoti mbee, ngati kuti malo onse ndi ofanana. Komatu kwa munthu wokhala kumeneko kusiyana kwa theka la mita ndi kumene kumalekanitsa malo omangapo nyumba ndi malo odzalapo mpunga, ndipo kamtunda kamene mapu sakukadziwa n'komwe ndi kamene mudzi wonse umathawirako madzi akabwera.

Ojambulawo anayesetsa. Sanajambule mzere umodzi wokha, koma anasiyanitsa madzi oyera ndi dambo la njedza, ndiponso dambo la nthawi zonse ndi malo amene amamira m'dzinja mokha, pogwiritsa ntchito timizere tobiriwira tooneka ngati tiudzu. Tsoka lake n'lakuti pa zosindikiza za pa Chitakale timizereti tatuluka mozilala, moti pamafunika kuwala kwa dzuwa kuti munthu atisiyanitse. Ngakhale tikanaoneka bwino, malire amene tikusonyeza ndi a tsiku limene ndege inadutsa basi. Nyanjayi inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, inaphwa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 anthu ankayenda pansi pamalo amene ngalawa zinkadutsa. Pambuyo pa namondwe wa Freddy mu March 2023 madzi anabwerera ndi mphamvu n'kumiza minda ndi nyumba za m'mbali mwa nyanja. Palibe pepala limodzi limene lingasunge zaka zonsezi, ndipo n'chifukwa chake chaka cha zithunzi za m'ndege, chimene mnyamata uja anadula, ndi chofunika kuposa chilichonse cholembedwa pa mapuwo. Chaka chimenechi chimasiyananso ndi chaka chosindikizira, nthawi zina ndi zaka zingapo, ndipo wowerenga wosasamala amatenga chosindikiziracho n'kuganiza kuti nyanja inali choncho m'chaka chimenecho.

Loweruka lina ndinanyamula mapepalawa kupita nawo kwa malume. Maso awo anafooka, choncho tinawayala panja pa mkeka n'kutsendereza m'makona ndi miyala, ndipo iwo anagwada n'kuyamba kutsata msewu ndi chikhadabo cha chala chachikulu, chimene chinapindika kalekale chifukwa chomanga madengu ndi malegeni. Sanafunse za sikelo kapena za zizindikiro. Anapeza mtsinje wa Phalombe, n'kunditsogolera okha.

"Apa, mphwanga, m'dzinja sitinkapalasa ayi. Makande ake ankamata matayala mpaka gudumu kukana kuzungulira, ndiye njinga tinkaisenza paphewa, dengu n'kulibwerera."

"Nanga doko linali pati, amalume? Mapuwa akuonetsa madzi kuyambira apa."

Anayang'anitsitsa kwa kanthawi, kenaka anasuntha chala n'kuchiika mkati mwa mtundu wa madzi, pafupifupi masentimita 6 kuchokera pa mzere wa gombe. "Chaka chimene munabadwa inu tinkagulira apa. Chaka cha chilala chija tinayenda mpaka kutopa osawapeza madzi, nthaka itang'ambika moti phazi linkalowa. Doko silikhala pamodzi, limatsata madzi."

Masentimita 6 pa mapu a 1:50,000 ndi makilomita 3. Ndinalemba kadontho ndi pensulo pamene analozapo, ndi chaka chake pambali, ndipo pofika madzulo pepalalo linali ndi timadontho tisanu ndi tiwiri, tina mkati mwa nyanja, tina kumtunda. Anandionetsanso mbali imene asodzi ankamanga zimbowera, tinyumba toyandama topangidwa pa njedza zopindidwa, mmene anthu amakhalamo milungu kapena miyezi akutchera miono ndi kuwamba mlamba osaponda kumtunda. Pa mapu onse atatu palibe chimbowera ndi chimodzi chomwe, palibe thandala loyanikapo matemba, palibe tinjira timene ngalawa zimadutsamo pakati pa njedza, ngakhale kuti tinjira timeneti ndi misewu yeniyeni ya anthu a kumeneko. Sindikuwaimba mlandu ojambulawo, chifukwa mapu a mtundu uwu anapangidwira zinthu zokhazikika, koma wogula adziwe kuti theka la moyo wa pagombe silinalowe pa pepala. Vuto linanso limene tinalipeza tsiku lomwelo n'lakuti njira ya malume inathera m'mphepete mwa pepala tisanafike kumene ankagona pobwerera, choncho amene akufuna dera lonse akonzekere kugula mapepala oyandikana nawo.

Pa ulendo wa kugombe ndinafuna kuona ngati mapuwa angagwirizane ndi GPS ya pa foni. Sakugwirizana ndendende, ndipo vuto si la sitolo kapena la foni. Mapu akale a dera lino anayezedwa potsatira maziko otchedwa Arc 1950, pamene mafoni amagwiritsa ntchito maziko ena otchedwa WGS 84, ndipo manambala a malo amodzimodziwo amasiyana ndi mamita oposa 100. Pa phiri kusiyana kotereku munthu amakuzindikira msanga poyang'ana nsonga ndi zigwa, koma m'dambo lopanda mtengo kapena chulu chooneka, palibe chokuuza kuti waphonya. Zimene zinagwirizana bwino ndi timapiri, mphambano za misewu yakale, ndi malo a matchalitchi ndi masukulu amene sanasunthe. Mitsinje ya m'chigwa ndiyo yasintha njira pamalo angapo, makamaka chakumapeto kumene imamwazikira m'dambo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuchiopa, ndipo ndachimva kale chikunenedwa pa sitolo pomwepo. Bambo wina amene ndinakumana naye pa tsiku lachiwiri ankafuna mapu akale kuti akawaonetse kwa amfumu pa mlandu wa malire a munda wa mpunga. Ndinayesa kuwafotokozera kuti pa sikelo ya 1:50,000 mzere wa pensulo wokhuthala milimita imodzi ukuimira mamita 50 pansi, ndipo munda wa ekala imodzi ndi kadontho kongopitirira pang'ono milimita imodzi mbali zonse. Mapuwa sanajambule malire a minda ya anthu, ndipo dzina la mudzi linkalembedwa pamene pali mpata pa pepala, osati pamene pathera ulamuliro wa nyakwawa. Kugombe la Chilwa, kumene malo amamira n'kuvuukanso ndipo mabanja amabwerera kudzalima pamene makolo awo analimapo zaka makumi awiri zapitazo, pepala looneka la boma likhoza kupondereza umboni wa akuluakulu amene akuwadziwa malowo bwino kuposa ndege imene inangodutsa m'mwamba tsiku limodzi. Mwini sitolo angachite bwino kumawachenjeza ogula za zimenezi, ndipo wofuna mapu a nkhani za malo apite ku Department of Surveys, kumene kuli eni ake a ntchito yoyeza malo ndi mapu ovomerezeka.

Kwa mphunzitsi, mapepalawa ndi opindulitsa kwambiri. Mayeso a jogalafe a Fomu 4 amafuna kuti wophunzira awerenge mapu a 1:50,000, apeze malo pogwiritsa ntchito manambala a mizere yopingasana ndi kuyeza mitunda, ndipo ana amagwira msanga akamaona mayina a kwawo kusiyana ndi a dera limene sanafikeko. Mtsikana wina wa m'kalasi mwanga, amene kwawo ndi cha ku Migowi, anapeza mudzi wa agogo ake pa pepala la Nyasaland uli ndi timadontho tosakwana khumi, ndipo sabata yotsatira anabwera ndi mayina a mabanja amene agogowo anawakumbukira kuti ankakhala pamenepo. Kwa amene akugwira ntchito yosamalira dambo la Chilwa, limene linalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse wa Ramsar m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha mbalame zake za m'madzi, mapuwa akuthandiza kuona pamene panali njedza ndi thengo kale, malinga ngati akuwerenga chaka cha zithunzi. Kwa munthu wongofuna njira yopitira ku Swang'oma lero, mapuwa sangamuthandize kwenikweni, chifukwa misewu ina yasintha ndipo malo ambiri ochitira malonda amene akula m'zaka zaposachedwa palibepo. Woyendetsa kabaza wa pa Migowi angamulondolere bwino.

Mwa mapepala atatuwa, ndikanati ndigule limodzi lokha ndikanatenga lachiwiri, la Malawi la 1:50,000, chifukwa ndi limene lili ndi mizere ya kukwera kwa malo, timabokosi toyezera ndi zizindikiro zokwanira. La Nyasaland limapindulitsa likakhala pambali pa linzakelo, ndipo palokha limasiya mafunso ambiri. Ndapempha mwini sitolo kuti ayese kukometsa mtundu wa timizere ta dambo pa kompyuta asanasindikize, ndiponso kuti asunge pepala lokulirapo kuti asamakakamizike kuchepetsa, ndipo wavomera kuyesa pa mapepala awiri a kummawa, mbali ya mtsinje wa Sombani ndi kanyanja ka Mpoto, amene ndawaitanitsa kuti ndikawatenge kumapeto kwa mwezi uno. Malume anena kuti tikawayalenso pa mkeka, chifukwa kumeneko n'kumene ankagula makumba m'zaka zimene matemba ankasowa.